Buku dzanja lino, mapu dzanja lino: mpikisano wa mafunso a mabuku ndi jogalafe kuno ku Joni

Funso limene limakanganitsa anthu kwambiri pa mipikisano ya mafunso ya ana asukulu kuno ku Joni ndi lija limaoneka lophweka kuposa onse: likulu la South Africa ndi mzinda uti? Gulu lina lilemba Pretoria, lina Cape Town, ndipo kamnyamata kongofika kumene kuchokera ku Mangochi kalemba Johannesburg, poti kumudzi aliyense wolowera kummwera amati wapita ku Joni. Wofunsa ali ndi yankho limodzi papepala lake. Akangoliwerenga, mkono umakwera kumbuyo: "Koma aphunzitsi, kusukulu anatiuza kuti malikulu alipo atatu." Mwanayo sakunama. Boma limayendetsedwa ku Pretoria, Nyumba ya Malamulo imakumana ku Cape Town, ndipo Bloemfontein amaiwerengera ngati likulu la zamakhoti chifukwa khoti lalikulu la apilo lili kumeneko. Johannesburg ndi likulu la chigawo cha Gauteng chokha, ngakhale kuti khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lili pano, pa Constitution Hill ku Braamfontein. Amene wapunthwa apa ndi wolemba funso uja.

Kaya mpikisano ukuchitikira m'holo ya tchalitchi ku Rosettenville, kaya m'galaja ya munthu ku Diepsloot Loweruka masana, vuto limachokera pa kakonzedwe. Okonza ambiri amakopera mafunso pa intaneti, mulu wa mabuku pawokha, mulu wa jogalafe pawokha, n'kuuza ana kuti aloweze pamtima. Mindandanda imeneyo ndi chikomekome cha mkuyu. Mayankho ena anali oona zaka 20 zapitazo, ena amakhala oona pokhapokha mutagwirizana kaye tanthauzo la liwu. Nayenso mwana woloweza mfundo zopanda pomangirira amazitaya sabata isanathe. Chothandiza wofunsa ndi woyankha yemwe n'chimodzi: buku lililonse likhale ndi malo ake pa mapu, ndipo malo aliwonse akhale ndi chaka chake.

Mapu amene mwana ali nawo kale

Musathamangire ku Ulaya. Mwana aliyense amene anakwerapo basi pa Park Station kupita kumudzi pa Khrisimasi ali ndi mapu m'mutu, kungoti palibe anamuuza kuti imeneyo ndiyo jogalafe. Tengani pepala lalikulu mujambule naye ulendowo. Basi igwira N1, idutsa Pretoria ndi Polokwane, ndipo ikapitirira Polokwane imadumpha mzere wa Tropic of Capricorn, pafupifupi madigiri 23.5 kummwera kwa ikweta. Kenako Musina, mlatho wa Limpopo pa Beitbridge, Masvingo, Harare, chipata cha Nyamapanda, mlatho wa Zambezi ku Tete, Zobue, Mwanza, mlatho wa Shire pa Zalewa, mpaka kukatsikira pa Wenela mu Blantyre. Makilomita pafupifupi 1,700, mayiko anayi, malire atatu, mitsinje ikuluikulu itatu, koma wotchi simuikhudza, chifukwa mayiko onsewa ali patsogolo pa nthawi ya Greenwich ndi maola awiri.

Pa mzere umodziwu mutuluka mafunso oposa 20 amene mwana angayankhe poganiza, osati poloweza. Popeza Joni ili kummwera kwa mzere wa Capricorn, dzuwa silifika paliwombo penipeni tsiku lina lililonse la chaka, pamene ku Malawi limafika kawiri pachaka. Chisanu cha mu Juni chimene chimayeretsa udzu m'mawa kuno chimabwera chifukwa mzindawu uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Madzi amene mwaoloka pa Zalewa achokera m'nyanja ya Malawi, atulukira ku Mangochi, adutsa mu Malombe, ndipo akakumana ndi Zambezi yemwe uja munaoloka ku Tete, cha kumunsi m'dziko la Mozambique.

Tsopano pambali pa dzina lililonse lembani ndi cholembera chofiira dzina lake lakale: Pietersburg pa Polokwane, Messina pa Musina, Fort Victoria pa Masvingo, Salisbury pa Harare, dzina limene linasintha mu 1982. Kwathu nakonso Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald, Mchinji anali Fort Manning. Mayina ofiirawa ndiwo mlatho wopitira ku mabuku, chifukwa alembi analemba m'nthawi yawo. Buku loyamba la Doris Lessing, The Grass Is Singing, la mu 1950, nkhani yake ikuchitikira ku Southern Rhodesia. La Tsitsi Dangarembga, Nervous Conditions, linatuluka mu 1988 dziko litakhala kale Zimbabwe, koma mtsikana wa m'nkhaniyo akukula mu Rhodesia. Mukafunsa kuti "nkhaniyi ikuchitikira m'dziko liti" osawonjezera kuti "malinga ndi dzina la lero", mwatsekula khomo la mkangano ndi manja anu.

Pali chinthu china chimene ana a kuno amachipondaponda tsiku ndi tsiku osachidziwa. Mzindawu unamangidwa pa mtunda wautali wa Witwatersrand, pamene golide anapezeka mu 1886, ndipo mtundawo umagawa madzi. Mvula yogwa kumpoto kwake imatsikira mu Jukskei, kenako mu Crocodile, kenako mu Limpopo, n'kukathera m'nyanja ya Indian ku Mozambique. Yogwa kummwera imalowa mu Klip, mu Vaal, mu Orange, mpaka m'nyanja ya Atlantic. Mtambo umodzi wa masana a mu Disembala, madzi ake amakathera ku nyanja ziwiri zosiyana. Mwana wa ku Alexandra amene amaoloka Jukskei popita kusukulu saiwalanso zimenezi mukamuonetsa kamodzi pa mapu.

Joni ya m'mabuku

Mabuku a mzinda uno ndi oyenera kukhalitsapo, chifukwa malo ake ana atha kuwafika pa takisi. Cry, the Beloved Country la Alan Paton, limene ambiri amakumana nalo kusukulu, limatsata mbusa Stephen Kumalo pamene akukwera sitima kuchoka kumudzi kudzafunafuna mlongo wake Gertrude ndi mwana wake Absalom mu Johannesburg. M'buku limodzili muli misampha itatu. Mudzi wa mbusayo, Ndotsheni, ndi wopeka. Umene ulipodi pa mapu ndi tauni ya Ixopo. Chigawocho nthawi imeneyo chinkatchedwa Natal, dzina la KwaZulu-Natal ndi la mu 1994. Msampha wachitatu ndi wa chaka: bukuli linatuluka kumayambiriro kwa 1948, chipani cha National Party chisanapambane chisankho cha mu Meyi chaka chomwecho. Tsankho limene mukuliwerengamo linalipo kale, koma malamulo ambiri otchuka a apartheid anabwera pambuyo pake. Funso lakuti "ndi lamulo liti la apartheid limene Paton akudzudzula" ndi lokhota kuyambira pa chiyambi.

Mbusa Kumalo atafika anakhala ku Sophiatown. Muonetseni mwana malowo, kumadzulo kwa tauni. Muuzeni kuti pa 9 Febuluwale 1955 apolisi anayamba kusamutsa anthu kumeneko kupita nawo ku Meadowlands, nyumba zinagumulidwa, malowo anawatcha Triomf, ndipo dzina lakale linabwezeretsedwa mu 2006. Paton mwiniwake anali mkulu wa sukulu yosungirako anyamata olakwira malamulo ku Diepkloof, n'chifukwa chake mbali ya Absalom anailemba ngati munthu wodziwa za m'kati.

Zaka ziwiri buku la Paton lisanatuluke, mu 1946, Peter Abrahams wobadwira ku Vrededorp anatulutsa Mine Boy, nkhani ya Xuma amene akufika mumzinda kudzagwira ntchito ya mumgodi. Kwa ana a Amalawi bukuli si la anthu achilendo. Agogo awo aamuna ambiri anabwera kuno pa Wenela, ena pa Theba, ena n'kusanduka matchona. Dzina la depoti ija ya mabasi ku Blantyre linachokera ku bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi la Witwatersrand Native Labour Association, ndiye kuti pamene basi ya ku Joni imakathera pali dzina la mtunda womwe uja inanyamukira. Mu 1974 ndege ya bungweli inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kutumiza anthu kumigodi. Funso la buku, la mbiri ndi la mapu akumana pamalo amodzi, ndipo mwana akapita kunyumba ali ndi choti akafunse agogo pa foni.

Msampha wina wokoma ndi wa Down Second Avenue la Es'kia Mphahlele, la mu 1959. Ana a kuno akamva Second Avenue maganizo amathamangira ku Alexandra, kumene misewu imadziwika ndi manambala. Msewu wa Mphahlele uli ku Marabastad, mu Pretoria. La Phaswane Mpe la mu 2001, Welcome to Our Hillbrow, silibisa malo ake, ndipo nkhani ya mmene alendo ochokera kumayiko ena a mu Africa amaonedwera muno ana athu akuidziwa osachita kuuzidwa. Limenelo musungire a giredi 11 ndi 12.

Buku limodzi, malo atatu

Mafunso ambiri a mabuku amagwa chifukwa chosokoneza zinthu zitatu: kumene mlembi anabadwira, kumene nkhani ikuchitikira, ndi chilankhulo chimene analembera. Kawirikawiri zitatuzi zimaloza kosiyana.

George Orwell, mwini Animal Farm la 1945 ndi Nineteen Eighty-Four la 1949, ndi mlembi wa ku England, koma anabadwira ku Motihari ku India mu 1903, ndipo dzina lake lenileni linali Eric Blair. J.R.R. Tolkien anabadwira ku Bloemfontein mu 1892. Bessie Head anabadwira ku Pietermaritzburg koma mabuku ake analembera ku Serowe, ku Botswana. Franz Kafka anabadwira ku Prague mu 1883 n'kumalemba m'Chijeremani. Pa nthawiyo Prague inali mu ufumu wa Austria-Hungary, mu 1918 inakhala likulu la Czechoslovakia, ndipo kuyambira 1993 ndi likulu la Czech Republic. Mukafunsa kuti Kafka anali wa dziko liti, mayankho atatu onse ali ndi potsamira. Funsani mzinda, mkangano watha.

Joseph Conrad ndiye wosokoneza koposa. Makolo ake anali a mtundu wa Chipolishi, anabadwira ku Berdychiv komwe lero ndi ku Ukraine, anagwira ntchito pa sitima zapamadzi, anapita ku Congo mu 1890, ndipo analemba m'Chingerezi, chilankhulo chimene anachiphunzira ali wamkulu kale. Heart of Darkness inayamba kutuluka m'magazini mu 1899, m'buku inalowa mu 1902, choncho funso la chaka lili ndi mayankho awiri. Komanso m'nkhaniyo mtsinje waukulu uja sautchula dzina. Tonse timati ndi Congo chifukwa cha ulendo wa mlembi ndi mmene akuufotokozera pa mapu. Funso lolongosoka ndi lakuti "ndi mtsinje uti umene Conrad anayendapo mu 1890", osati "buku likutchula mtsinje uti".

Malo opeka nawonso ayenera kukhala ndi chizindikiro chawo pa mapu a mwana, mwina kanyenyezi. Umuofia wa mu Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe la 1958, simungamupeze pa mapu a Nigeria, koma dera la Aigbo kummwera chakum'mawa kwa dzikolo mulipeza, pafupi ndi mtsinje wa Niger. Macondo wa Gabriel García Márquez ndi wopeka, tauni yeniyeni ndi Aracataca ku Colombia kumene mlembiyo anabadwira. Maycomb wa Harper Lee ndi wopeka, Alabama ndiye weniweni. Mosiyana ndi onsewa, James Joyce mu Ulysses anatsata misewu yeniyeni ya Dublin pa tsiku limodzi, 16 Juni 1904, ngakhale bukulo linasindikizidwa ku Paris mu 1922.

Za mphoto ya Nobel n'zofunika kusamala nazo kwambiri, chifukwa ndi pamene ngakhale akuluakulu amalumbira zabodza. Achebe sanalandirepo Nobel. Analandira mphoto ina, ya Man Booker International, mu 2007. Ngũgĩ wa Thiong'o, amene buku lake la 1964, Weep Not, Child, linatuluka ndi dzina la James Ngugi, nayenso sanalandire. Olandira a mu Africa ndi monga Wole Soyinka wa ku Nigeria mu 1986, Naguib Mahfouz wa ku Egypt mu 1988, Nadine Gordimer wobadwira ku Springs kum'mawa kwa Joni mu 1991, J.M. Coetzee mu 2003, ndi Abdulrazak Gurnah mu 2021. Mukafunsa kuti "woyamba wobadwira mu Africa ndani", mwana wowerenga kwambiri adzati Albert Camus, wobadwira ku Algeria amene analandira mu 1957, ndipo adzakhala atakhoza. Ngati mukufuna Soyinka, nenani kuti mlembi woyamba wakuda wa mu Africa. Gurnah anabadwira ku Zanzibar mu 1948, dziko la Tanzania lisanakhaleko, poti Tanganyika ndi Zanzibar anaphatikizana mu 1964. Lessing, wolandira mu 2007, anakulira ku Rhodesia koma anabadwira ku Kermanshah, ku Iran ya lero. Ndipo Nobel kawirikawiri imapita kwa munthu pa ntchito yake yonse, pamene Booker imapita ku buku limodzi, monga Disgrace la Coetzee mu 1999. Funso lakuti "ndi buku liti la Gordimer linapata Nobel" lilibe yankho.

Mpikisano wa ana a Amalawi wopanda alembi a kwathu ndi wopunduka. Nthondo la Samuel Josia Nthara linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira linamasuliridwa m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa. Apanso nenani ngati mukufunsa za buku loyambirira kapena lomasulira. Jack Mapanje anatulutsa ndakatulo za Of Chameleons and Gods mu 1981, ndipo anakhala m'ndende ya Mikuyu pafupi ndi Zomba kuyambira 1987 mpaka 1991. Koma pa nkhani ya mapu palibe woposa Legson Kayira, amene mu I Will Try la 1965 akusimba mmene anayendera kuchoka kumpoto kwa Nyasaland, kudutsa Tanganyika ndi Uganda mpaka ku Khartoum, ali ndi cholinga chokaphunzira ku America. Koleji imene inamulandira ili m'chigawo cha Washington, kugombe la Pacific, kutali kwambiri ndi mzinda wa Washington, D.C. Apatseni ana ulusi ndi timisomali atsate ulendowo pa mapu apakhoma.

"Chachikulu kuposa zonse"

Mafunso a jogalafe amene ali ndi mawu akuti chachikulu, chachitali, chakuya, ndi okoma kufunsa koma ndi amene amaterera. Pa Chichewa pali vuto lowonjezera limene mafunso okopera sangakuchenjezeni. Liwu lathu lakuti nyanja limanyamula Chilwa, Malawi, Mediterranean ndi Pacific yemwe. Mukati "nyanja yaikulu kwambiri padziko lonse", wina alemba Pacific, wina Caspian, wina Superior, ndipo onse akhoza: Pacific pa nyanja zikuluzikulu zamchere, Caspian pa nyanja zozunguliridwa ndi mtunda, Superior pa kukula kwa malo mwa nyanja za madzi opanda mchere. Liwu lakuti dziko nalonso limatanthauza Malawi komanso dziko lonse lapansi. Womasulira mafunso ayenera kuwonjezera mawu, ngakhale funso litalike.

Mu Africa, Victoria ndiyo yaikulu pa malo, Tanganyika ndiyo yakuya kwambiri, mamita pafupifupi 1,470, ndipo padziko lonse imapitiridwa ndi Baikal ya ku Russia yokha, ya mamita 1,642. Yathu ndi yachitatu pa kukula ndi yachiwiri pa kuya, mamita pafupifupi 700, koma ili ndi mayina atatu: ku Tanzania amati Nyasa, ku Mozambique amati Niassa. Landirani onse. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo limeneli ndi funso labwino loyenda limodzi ndi la Lesotho, dziko lozunguliridwa ndi South Africa mbali zonse, limene ana amaliiwala akamawerenga mayiko asanu ndi limodzi oyandikana ndi dziko lino.

Chipululu chachikulu ndi Sahara ngati mukunena chotentha, masikweya kilomita pafupifupi 9 miliyoni. Koma akatswiri amayeza chipululu ndi kuchepa kwa mvula, osati kutentha, ndiye Antarctica ya masikweya kilomita pafupifupi 14 miliyoni imaposa. Nile amamuwerengera makilomita pafupifupi 6,650 ndipo mabuku ambiri amamuika patsogolo, koma ena amati Amazon ndiye wamtali, malinga ndi pamene mwayambira kuyeza gwero ndi pamene mwathera ku matsiriro. Chimene palibe amatsutsa n'chakuti Amazon ndiye amathira madzi ambiri m'nyanja, ndipo Nile ndiye wamtali mu Africa. Funsani zimenezo. Kilimanjaro, wa mamita 5,895, ali ku Tanzania, ngakhale zithunzi zake zambiri zokhala ndi njovu patsogolo amazijambulira ku Amboseli, mbali ya Kenya. Sapitwa wa ku Mulanje ndi mamita 3,002, nsonga yaitali kuposa zonse ku Malawi, koma musakokomeze n'kuti kummwera konse kwa Africa, chifukwa Thabana Ntlenyana wa ku Lesotho amafika 3,482.

Mapu apakhoma nawonso amanamiza maso. Pa mapu ambiri a mtundu wa Mercator, Greenland amaoneka ngati akulingana ndi Africa, chikhalirecho Africa ndi wamkulu kuwirikiza pafupifupi ka 14, ndipo Algeria yekha amaposa Greenland. Chifukwa chake n'chakuti kuyala chinthu chobulungira pa pepala kumafutukula mbali za kumpoto ndi kummwera kwenikweni. Ngati mungapeze mapu obulungira ngati mpira, ayikeni pa tebulo.

Kenako pali mfundo zimene zimatha ntchito ngati mkaka. Dziko lalikulu mu Africa linali Sudan mpaka 2011 pamene South Sudan anadzilamulira. Tsopano ndi Algeria. India anapitirira China pa chiwerengero cha anthu mu 2023 malinga ndi bungwe la United Nations. Kutalika kwa Everest kunalengezedwanso mu 2020 kukhala mamita 8,848.86. Swaziland anakhala Eswatini mu 2018, Port Elizabeth anakhala Gqeberha mu 2021, likulu la ndale la Burundi linasamukira ku Gitega mu 2019. Malikulu amene anasamuka kale ndi Rio de Janeiro kupita ku Brasília mu 1960, Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, Lagos kupita ku Abuja mu 1991. Mayiko a mu Africa ndi 54 mukawerenga a mu United Nations, 55 mukawerenga a mu African Union. Musanagwiritse ntchito buku la mapu, tsekulani tsamba lachiwiri muone chaka chimene linasindikizidwa.

Kakonzedwe ka tsikulo

Kwa wophunzira, makhadi odula pa katoni amathandiza kuposa kope. Kutsogolo mutu wa buku, kumbuyo zinthu zisanu: mlembi, kumene anabadwira, malo a nkhani, chilankhulo, chaka. Khadi lililonse likhale ndi kamsomali kake pa mapu. Makhadi atsopano asapitirire 10 pa tsiku, ndipo abwerezedwe mawa lake, pakatha masiku atatu, pakatha sabata, ndi pakatha mwezi. Limene lalephereka libwerere pa mulu woyamba. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa usiku wonse wa Lachisanu. Koma makhadi salowa m'malo mwa buku. Pa mabuku awiri kapena atatu amene mwalengeza mwezi umodzi mpikisano usanachitike, funsani za m'kati, zimene chidule cha pa intaneti sichinena, kuti amene anawerengadi aoneke.

Magulu akhale a ana anayi. Akachuluka, awiri amangokhala owonerera; akachepa, mwana mmodzi wochenjera amanyamula zonse. Sakanizani obadwira kuno ndi ongofika kumene, chifukwa wina amadziwa zigawo 9 za South Africa, mnzake amadziwa maboma a Malawi. Mafunso 40 m'zigawo zisanu za mafunso 8 amakwana mu ola limodzi ndi theka, kuphatikizapo kuchonga. Pa mafunso 8 aliwonse, atatu akhale oti pafupifupi aliyense akhoze, atatu apakatikati, awiri olimba. Chigawo choyamba chikavuta kwambiri, magulu ang'onoang'ono amataya mtima ndipo holo imayamba phokoso. Chigawo chimodzi chikhale cha mapu opanda mayina, ana alembepo manambala: pamene Okonkwo wa mu Things Fall Apart anakhala, pamene msodzi wokalamba wa mu The Old Man and the Sea la Hemingway ankawedza kufupi ndi Cuba, pamene Kayira anathera ulendo wake wa mu Africa.

Mayankho azilembedwa papepala, osati kukweza mkono, chifukwa kukweza mkono kumakomera olimba mtima ndi odziwa Chingerezi msanga. Funso liwerengedwe kawiri, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, kenako masekondi 30. Mafoni onse, a makolo okhala kutsogolo omwe, alowe m'dengu. Nenani lamulo la kalembedwe musanayambe: dzina likamveka poliwerenga mokweza, malikisi aperekedwe, kupatula pamene kusintha kwa zilembo kwabala malo ena, monga Austria ndi Australia, Niger ndi Nigeria, kapena Malawi ndi Mali.

Funso lililonse litsimikizidwe m'magwero awiri osakoperana, ndipo munthu wina amene sanalilembe ayese kulipezera yankho lachiwiri tsiku lisanafike. Akalipeza, konzani mawu kapena litayeni. Pa tsikulo pakhale woweruza wosiyana ndi wofunsa, ali ndi buku la mapu ndi mabuku olengezedwa aja pa tebulo. Gulu lililonse lipatsidwe mwayi wodandaula kawiri, polemba, chigawo chikatha. Mwana akabwera n'kunena kuti "Pepani aphunzitsi, yankho lathu nalonso n'loona", n'kuonetsa tsamba, malikisi aperekedwe kwa magulu onse amene analemba yankho limenelo, ndipo woweruza alengeze poyera chifukwa chake.

Magulu awiri akafanana pamapeto, musawonjezere mafunso othamangitsana pakamwa. Perekani funso limodzi la nambala limene palibe angalidziwe ndendende, monga kutalika kwa Sapitwa m'mamita kapena chaka chimene Nthondo linatuluka, gulu lililonse lilembe papepala n'kupinda, ndipo loyandikira kwambiri litenge mphoto. Sungani mafunso otere awiri m'thumba, chifukwa zimachitika kuti magulu onse awiri alemba 3,002.